Ndisiyeni Ndiyende Wapansi

Ine ndinatchona, sindikana. Ngakhale ndikane, anthu a kwathu kuno ku Mkanda sadzasiya kunditchula mtchona mpaka tsiku londiika m'manda. Ndinapita ku Joni ndevu zisanamere bwino, ndinabwerako mutu uli mbuu. Pakatipo ndinkabwera mwa apo ndi apo, kudzakwatira, kudzaona ana, kudzalira maliro, koma mwezi usanathe chikwama chinkakhala chili paphewa. Ndaonako zambiri zopsetsa mtima kumeneko. Koma palibe chimene chinandikwana ngati chimene ndinapeza kwathu kuno nditabwereratu. Ndinkafuna kuyenda wapansi, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti ndisayende.

Mwina muganiza kuti ndine munthu wokonda kuyenda chibadwire. Ayi ndithu. Kuyenda ndinadana nako kumgodi, ndipo ndinadana nako limodzi ndi mnzanga Zakaliya wa ku Kapondo.

Zakaliya tinadziwana ku Lilongwe, kumene ankatipima tisanapite. Anativula tonse, kutiimika pasikelo ngati mabelo a fodya, kutigogoda pachifuwa, kutiyang'ana mano. Ine manyazi anali atandigwira, maso ali pansi. Pambali panga panali kamunthu kakafupi, kojintcha, kakungoseka. "Achimwene, dzutsani mutu," kanatero. "Palibe chachilendo chimene mwabweretsa pano, tonse tili nazo." Kuyambira tsiku limenelo sitinasiyane. Kukomboni anatipatsa chipinda chimodzi, iye bedi lapansi, ine lapamwamba, onse a simenti. M'nyengo yozizira simentiyo inkakulowa m'mafupa ngakhale uyale mabulangete awiri, ndipo tinkaphunzira kugona ndi majasi.

Anthu akamva za mgodi amaganiza za kukumba. Iwo sadziwa za ulendo. Chikepe chikakutsitsani pansi, ntchito sinali pomwepo ayi. Munkayenda mtunda wautali m'ngalande zotentha, jombo zitadzaza madzi, nyali ili pachipewa, batire likukukokani m'chiuno, malo ena mutawerama. Pofika pogwirira ntchito munkakhala mutatopa kale, ndiye kapitawo n'kumakufunsani kuti mwachedwa kuti. Mukaweruka ulendo womwewo, tsopano wokwera. Zakaliya ankayenda patsogolo panga akulumbira njira yonse.

"Ndikadzabwerera ku Kapondo," ankatero, "ndidzagula mpando wa ndalema. Ndidzauika pansi pa mtengo, ndipo sindidzadzukapo. Madzi akumwa adzandipeza pomwepo. Nkhani zidzandipeza pomwepo. Wofuna kundiona adzabwera yekha."

Ine ndinkavomereza ndi mtima wonse. Tinkaukamba mpandowo ngati mmene ena ankakambira akazi awo.

Tsiku lina mwala unagumuka padenga n'kundipsinja ntchafu. Sunali waukulu, koma unakwanira. Anzathu anauchotsa ndi zitsulo, ine ndikulira mayi wanga ngati khanda. Machira anali kutali. Zakaliya sanadikire, anandiika pamsana, munthu wamfupi kuposa ine, mapazi anga akukhukhuluza pansi, n'kuyenda nane mtunda wonse uja mpaka kuchikepe. Njira yonse ankandinyoza kuti ndimalemera chifukwa chomubera nyama m'mbale. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuyankha, chifukwa wakuba nyama anali iye.

Zaka zinapita. Ntchito ya mgodi itatithera, Zakaliya anamanga katundu n'kubwerera kwawo. Ine ndinati ndikhaleko pang'ono. Ndinakathyola malalanje kumafamu, kenako ndinapeza ntchito yosamala maluwa ndi kapinga kwa banja lina m'tauni. Pang'ono uja anakula. Ndinkatumiza zimene ndikanatha: malata a nyumba, njinga, nsalu, mabuku a ana. Mkazi wanga anamwalira ine ndili komweko, ndipo ndinafika ataikidwa kale. Ndinaima pamanda, ndinalira, ndinabwerera.

Chimene chinandibweza ndi thupi. Ndinayamba kumva ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, maso kuchita chifunga. Kuchipatala anandiuza kuti ndi shuga, ndi kuthamanga kwa magazi pamwamba pake. Namwino wake anali mayi wachikulire, wosanyengerera. Atamva kuti ndikufuna kupita kwathu kukapuma, anagwedeza mutu. Anati mankhwala ndi theka chabe. Theka linalo ndi kusala zotsekemera ndi kuyenda tsiku lililonse mpaka thukuta lituluke. Anandigwira phazi, kulitembenuza, n'kunena kuti matendawa akapeza munthu wongokhala amayambira kumapazi, ndipo iye waona amuna ambiri a kumigodi akupita kwawo ndi miyendo iwiri n'kukatsala ndi umodzi. Ndinaseka ndekha potuluka. Moyo wonse ndakhala ndikuthawa kuyenda, lero kuyenda ndiye mankhwala.

Kumudzi anandilandira ndi manja awiri. Mwana wanga woyamba, Esinati, ndiye anatsala pakhomo la mayi ake, m'nyumba ya malata aja. Ndinamusiya kamtsikana, ndinapeza mayi wa ana anayi, wa mawu ochepa ndi manja osapuma. Mwamuna wake, a Mbewe, amagula mtedza m'midzi n'kukagulitsa kumalire. Ndi munthu waulemu, waulemu mpaka kutopetsa.

M'mawa woyamba ndinapeza mpando utayalidwa nsalu pansi pa mtengo wa mango. Tiyi anabwera wothira kale shuga, supuni n'kutsala pang'ono kuima yokha. Ndinafotokoza za matenda anga. Esinati anamva, anachepetsa shuga, n'kuwonjezera mandasi. Achibale obwera kudzandiona aliyense anali ndi chake: uyu thobwa, uyu nzimbe, uyu botolo la chakumwa. Ukakana, nkhope zimagwa, ati ku Joni kwamuphunzitsa kunyada. Ndinatenga khasu kuti ndikapalire kuseri kwa nyumba, a Mbewe anathamanga kuchokera kukhola la nkhuku n'kudzagwada patali.

"Apongozi, pepani, khasulo litsike. Mwagwira kokwanira. Ife tilipo chifukwa chiyani?"

Ndinatenga tsache, anandilanda. Ndinanyamula ndowa, anandilanda. Ngakhale mpando womwewo ndikafuna kuusuntha kutsata mthunzi, wina ankatulukira n'kuunyamula ine nditaima ngati mlendo.

Ndinati chabwino, khasu tengani, koma miyendo ndi yanga. M'mawa wina ndinavala nsapato n'kulowa mumsewu wopita kumsika wa pa Mkanda. Sindinafike ngakhale pachigayo, belu la njinga linalira kumbuyo. Anali wakabaza, bambo wa ndevu zake.

"Madala, mwayenda wapansi? Kwerani."

"Zikomo bambo, ndikungoyenda."

"Mukupita kuti?"

"Palibe. Ndikungoyenda basi."

Anatsika panjinga. "Kwagwa zovuta?"

"Ayi."

"Ndiye kuchipatala?"

"Ayi, ndati ndikungoyenda. Ndifika pamlatho n'kubwerera."

"Pamlatho pali chiyani?"

"Pali mlatho!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwachifundo. Kenako anati ngati ndi nkhani ya kulipira ndisade nkhawa, munthu wamkulu ngati ine sangamusiye mumsewu. Tinakanganirana ulemu pamenepo mpaka ine ndinatopa, ndinakwera, anakanditula pakhomo pomwe ndinachokera. Esinati anamuthokoza kwambiri.

Apo m'pamene ndinakumbukira chimene ndinali nditaiwala zaka zonse zija. Kwathu kuno munthu wamkulu sayenda popanda kopita. Amapita kumunda, kumaliro, kutchalitchi, kukazonda matenda, kukakamba mlandu. Woyenda chabe, manja ali m'thumba, wopita n'kubwerera osatenga kanthu, amakhala wamisala kapena ali ndi zake zobisika. Ku Joni azungu okalamba ankayenda m'misewu ndi agalu awo, ena n'kumathamanga atavala kabudula, palibe wowafunsa. Ine ndinkawaseka ndili ndi payipi m'manja. Tsopano ndinayamba kuwasilira.

Ndinaganiza zochenjera. Ndinati munthu wonyamula katundu ali ndi kopita. Ndinaika zitsononkho m'kathumba, kuponya paphewa, n'kuyamba ulendo. Mayi wina wochokera kudimba anandiona, anatula dengu lake, anagwada, anandilanda kathumba n'kukasenza pamwamba pa masamba ake. Anandifunsa kuti akatule kuti. Ndinatchula khomo la munthu amene ndinangomukumbukira, ndipo mpaka lero banja limenelo silidziwa chifukwa chimene mtchona anawatumizira zitsononkho.

Ndinayesa njinga. Ndinatenga yakale ija ndinatumiza ndekha, kuiphwetsa tayala lakumbuyo, n'kumaikankha. Ndinati munthu wokankha njinga yakuphwa palibe angamuuze kuti akwere. Masiku awiri zinayenda bwino, thukuta linatuluka, ndinagona ngati mwana. Tsiku lachitatu amuna okonza njinga pansi pa mkuyu wa m'mbali mwa msewu anandiimitsa. Anaigwira, anaitembenuza, anachotsa chubu, anachiviika m'madzi kufuna pobooka. Sanapeze. Anapopa, anakana kulandira kanthu, n'kuima onse kudikira kuti andione ndikukwera. Ndinakwera, mano ndili gwa. Mmodzi anandikankhako kumbuyo kuti ndiyambe bwino.

Pamenepo n'kuti nkhani itafala. Ena ankati fumbi la mgodi landilowa m'mutu. Ena ankati ndili ndi chibwenzi, mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo, ndipo mayiyo, amene sindinamulankhulepo, anasiya kundipatsa moni. Ena ankanong'ona kuti ndinabwera ndi zitsamba za ku Joni zofuna kuti mwini wake azizungulira mudzi m'mawa uliwonse. Mwana akadwala malungo, amayi ankakumbukira kuti dzulo lake ndinadutsa kuseri kwa nyumba yawo. Munthu ndikungofuna kupulumutsa mapazi anga!

A Mbewe anabwera madzulo ena, anakhala pansi chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga achitira mkamwini.

"Apongozi, pepani, ndilankhuleko. Kumsika anthu akundifunsa. Akuti kodi a Mbewe, apongozi anu mukuwamana chakudya kuti azingoyendayenda? Akuti njinga yamoto muli nayo, koma munthu wamkulu akupuma fumbi mumsewu. Ife zikutivula."

"A Mbewe," ndinatero, "achipatala anandiuza kuti ndikangokhala ndidzaduka mwendo."

"Ee, n'zoona, achipatala amanena. Koma ngati pali kumene mukufuna kupita, ingonenani, ine ndikuperekezani panjinga."

Ndinangoyang'ana kumwamba. Munthu wotere ungakangane naye bwanji? Akanakhala wamwano ndikanamutukwana, mtima n'kukhala pansi.

M'mawa mwake nsapato zanga zinasowa, zonse ziwiri, ndi patapata yemwe. Ndinafunsa Esinati. Anati mwina agalu. Ndinati agalu a masiku ano ndi aulemu, amatenga nsapato n'kutseka chitseko. Sanaseke, anangopitiriza kupeta. Opanda nsapato sindikanayenda, chifukwa namwino uja anandichenjeza kuti kaminga kakang'ono kakhoza kuyambitsa chilonda chosapola. Esinati ankadziwa zimenezo, ndinamuuza ndekha.

Ndinakhala pampando uja masabata angapo. Thupi linayamba kulemera. Mapazi ankachita dzanzi, nthawi zina ngati muli nyerere. Koma choopsa kwambiri chinali m'mutu. Ndikamayenda ndinkaona zinthu: uyu wamanga chigafa chatsopano cha fodya, uyu mtedza wake wachita chiwawu, madzi a pamlatho atsika. Pampando ndinalibe choona, ndiye maganizo ankatsika okha kumgodi. Ndinkawerenga anzanga amene anatsala pansi, ndi ena amene chifuwa chinawatenga. Ndinkaganiza za mkazi wanga, kuti anadwala miyezi ingati ine ndikudulira maluwa a eni. Ndinayamba kusokoneza masiku, Lachiwiri kuliyesa Loweruka. Ndinkakalipira adzukulu popanda chifukwa. Amene ankati mutu wanga wasokonekera anatsala pang'ono kunena zoona.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera ku Kapondo, kuti Zakaliya anagonekedwa kuchipatala nthawi yaitali ndipo watuluka. Chibwerereni ndinali ndisanamuone. Apa palibe akanandiletsa, kuzonda matenda ndi ulendo wovomerezeka. Esinati anandibwereka nsapato za mwamuna wake, zazikulu, n'kunena kuti apita nane. Tinakwera njinga zamoto ziwiri.

Tinamupeza pansi pa mtengo, pampando wa ndalema. Anaugula ndithu. Anali atanenepa, nkhope yosalala, malaya ochapa bwino, pambali pali kapu ndi mbale yovundikira. Mwendo wa buluku wakumanzere unali wopinda pabondo, womanga ndi kachingwe.

Ndinaima, maso ali pamwendopo. Mwendo umenewo unandinyamulapo.

"Wabwera, wakuba nyama," anatero. "Usaime ngati waona mzukwa. Mbali yaikulu ndikadalipo."

Mwana wake wamkazi anatiyalira mphasa, akufotokoza monyadira mmene amawasamalira bambo ake. Chibwerereni ku Joni sanawalole kugwira kanthu, ngakhale kutunga madzi osamba. Sankanama, chikondi chinkaoneka paliponse. Zakaliya anadikira kuti apite kukhitchini, n'kutembenukira kwa Esinati.

"Mayi, inu ndinu Esinati? Bambo anuwa ankatiboola m'makutu ndi dzina lanu." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Ine ndinapeza chimene ndinkafuna. Ndinakhala. Shuga anandipeza pompano. Chala chinachita kachilonda, ine osamva kanthu, tinadziwa ndi fungo. Kale ndinanyamulapo munthu uyu pamsana. Lero kuti ndipite kuseri mpaka ndiitane anthu awiri, ndipo ndimayamba ndapirira kaye kuopa kuwavutitsa." Anayang'ana kumapazi kwanga. "Nsapato zimenezi si zako. Zako zili kuti?"

"Agalu," ndinatero.

Esinati anayang'ana pansi.

Pobwerera mtima wanga unali pawiri. Ndinali ndi chisoni ndi mnzanga, koma ndisaname, ndinalinso ndi kakunyada koti tsopano aona okha. Ndinakonza mawu njira yonse. Ndinati tikafika ndiwakhazika pansi onse awiri, ndiwauze za ulemu wawo wopha munthu.

Tinafika dzuwa likadalipo. Esinati analowa m'nyumba, anatuluka ndi nsapato zanga zitayera ndi gaga, anagwada n'kuziika patsogolo panga. Ndinakonza kukhosi.

"Waona tsopano? Ine ndakhala ndikunena, koma inu kumvera za anthu a kumsika. Kodi anthuwo akadzandidula mwendo adzandibwereka wawo?"

"Bambo," anatero, "si za anthu ayi."

Mawu ake sanali a masiku onse.

"Anthu amalankhula, n'zoona, ndipo bambo a ana zimawapweteka. Koma ine nsapato sindinabise chifukwa cha anthu. Msewu umene mumayendawu ndi womwe uja. Ndili mwana munkati mukabwera, ine kusangalala, kukutsatirani paliponse. Kenako tsiku lina m'mawa mwavala nsapato, mwatsika nawo msewu. Amayi ankandiuza kuti mwapita pa Mkanda kukagula sopo, kuti ndisalire. Ine n'kukakhala pachulu paja kudikira sopo. Mawa lake chimodzimodzi. Ulendo wina ndinadikira mpaka ndinatha msinkhu."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mwaukali, ngati misoziyo yamulakwira.

"Ndikudziwa kuti n'zopusa. Ndine mayi wa ana anayi. Koma ndikamva chitseko m'mawa, n'kuona msana wanu mumsewu muja, ndimangoti simubweranso. Pampando paja ndimakuonani. Ndikamaphika ndimakuonani, ndikamachapa ndimakuonani. Moyo wanga wonse sindinakhalepo ndi bambo woti ndikatembenuka alipo."

Za sopo sindinkazidziwa. Ine ndinkachoka m'mawa kwambiri dala, ana asanadzuke bwino, ndipo ndinkadziyesa wanzeru kuti ndikuwapewetsa kulira. Ndinapsa mtima, koma ndinasowa woupsera. Mkazi wanga anagona kale. A Mbewe analibe mlandu. Wakabaza uja analibe mlandu. Miyezi yonseyi ndinkakalipira mudzi wonse kuti sukundimvetsa, pamene mwana wanga ndinali ndisanamufunsepo n'kamodzi komwe kuti zaka zonse zija anakhala bwanji.

"Ndiye ndichite bwanji, mwana wanga?" ndinafunsa. "Ndikakhala, mwendo upita. Waona wekha."

"Ndaona. Muziyenda."

M'mawa mwake ndinachedwa dala mpaka aliyense atadzuka. Ndinakutumula nsapato, gaga ali fuu, ndinavala pakhonde poonekera. Esinati ankasesa pabwalo. Ndinamuitana.

"Ndikupita pamlatho. Ndikangogwira chitsulo cha mlatho ndibwerera. Usanamalize kutsuka mbale ndafika."

"Musalonjeze, bambo," anatero osadzutsa mutu. "Ingopitani."

Ndinapita. Sindinayendepo mothamanga chotero chichokereni kumgodi. Wakabaza wina anaimba belu, ndinangomukupiza dzanja osatembenuka. Amayi awiri anandipatsa moni, ndinayankha ndili kale patsogolo, aganize zimene aganize. Pamlatho sindinaime n'komwe kuona madzi. Ndinagwira chitsulo, ndinatembenuka, mtima ukugunda, malaya atanyowa kumsana.

Nditakhota pachigayo ndinamuona Esinati. Anali ataima m'mbali mwa msewu, kutali ndithu ndi nyumba, manja ali ndi thovu, akuyang'ana kumene ndinkachokera. Atandizindikira anatembenuka msanga n'kuyamba kusuzumira m'tchire.

"Ukufuna chiyani kuno?" ndinafunsa nditafika, ndikupuma wefuwefu.

"Mbuzi," anatero. "Yasochera."

Ndinavomera ndi mutu, tinayamba kubwerera limodzi, iye patsogolo ine pambuyo. Pakhomo pathu mbuzi tilibe.